HACHIKO, GALU AMENE SADAIWALE MBUYE WAKE

Mwa ziweto zonse zimene anthu amasunga pakhomo, galu ndiye amakhala pafupi kwambiri ndi eni ake. Dzuwa likalowa, ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku zimatsekeredwa m'makola, koma galu amagona pakhonde nalondera banja usiku wonse. Kukacha amaperekeza bambo kumunda, amatsatira ana kudambo, ndipo madzulo ndiye amayamba kuthamangira aliyense wobwera kuchokera ku ulendo. Galu wotere akafa, pakhomo pamangoti zii. Ana amapenya pamalo pamene ankagona, mayi amaiwala nasunga mkute woti amponyere, ndipo bambo amacheuka m'njira ngati kuti pali wina amene akuwatsatira. Komabe masiku akamapita chisoni chimazilala, ndipo agalu ambiri amaiwalika.

Nkhani ino ndi ya galu wina amene adafa m'chaka cha 1935 koma akukumbukiridwa mpaka lero. Dzina lake lidali Hachiko, ndipo kwawo kudali ku Japan, dziko la zilumba la kum'mawa kwa Asia. Iye adali galu wa banja limodzi, koma maliro ake adalira ndi anthu a dziko lonse.

Kagalu ka m'thumba la mpunga

Hachiko adabadwa m'mwezi wa Novembala 1923 pa mudzi wina wa alimi pafupi ndi tauni ya Odate, m'chigawo cha Akita, kumpoto kwa Japan. Dera limeneli ndi la mapiri ndi nkhalango, ndipo limazizira koopsa. M'nyengo yachisanu kumagwa chipale choyera ngati ufa chimene chimakwirira minda, misewu ndi madenga a nyumba. Agalu a kumeneko, amene amatchedwanso Akita potsata dzina la chigawocho, ndi aakulu ndi amphamvu. Ali ndi ubweya wochindikala, makutu oimirira ndi mchira wopindikira pamsana. Kalekale alenje ankapita nawo ku uzimba wa zimbalangondo ndi nyama zina zazikulu. Agaluwa amadziwika kuti akakonda munthu amamkonda ndi mtima wonse.

Ku Tokyo, likulu la dzikolo, kunkakhala bambo wina dzina lake Hidesaburo Ueno. Iwo adali mphunzitsi wamkulu wa zaulimi pa yunivesite ya Tokyo, katswiri wa kakonzedwe ka minda, ngalande ndi ulimi wothirira. A Ueno ankakonda agalu, ndipo ankalakalaka atapeza mwana wa galu wa mtundu weniweni wa Akita. Mmodzi mwa ophunzira awo akale, amene ankagwira ntchito kumpotoko, ndiye adawapezera.

M'mwezi wa Januwale 1924, kagaluko kali ndi miyezi iwiri yokha, adakaika m'thumba la mpunga nakakweza sitima ya pamtunda. Kuno ku Malawi mwezi umenewu ndi wa mvula, koma ku Japan ndi pakati penipeni pa chisanu. Ulendowo udatenga maola pafupifupi 20. Pofika kunyumba kwa a Ueno pa 15 Januwale, kagaluko kadali lefu, kotero kuti ena adayesa kuti kafera m'njira.

A Ueno ndi mayi a m'nyumbamo, a Yaeko, sadataye mtima. Adakafunditsa, kukadyetsa ndi kukasamala ngati khanda kwa miyezi pafupifupi 6 mpaka kadachira. Adakatcha Hachi, ndiye kuti 8 m'Chijapani, nambala imene anthu a kumeneko amati ndi yamwayi. Kaliwu kakuti "ko" kadawonjezeredwa pambuyo pake posonyeza chikondi ndi ulemu, ndipo m'menemo ndimo mudachokera dzina lakuti Hachiko.

Kuperekeza ndi kuchingamira

Nyumba ya a Ueno idali m'dera la Shibuya, kufupi ndi siteshoni ya sitima. Masiku amene iwo ankakwera sitima popita ku ntchito, Hachi pamodzi ndi agalu ena awiri a pakhomopo ankawaperekeza mpaka pa chipata cha siteshoni. Madzulo ankapezekanso pomwepo kudzawachingamira. Sitima ikaima, anthu ankatuluka ali piringupiringu, koma Hachi sankasokonezeka ayi. Ankazindikira mbuye wake pakati pa chinamtindi cha anthu, nathamanga kukawalumphira akugwedeza mchira. Pamenepo ankabwerera limodzi kunyumba.

Chimwemwe chimenechi chidakhala miyezi 16 yokha. Pa 21 Meyi 1925 a Ueno adagwa mwadzidzidzi ali pa ntchito ku yunivesite, mtsempha wa magazi utaphulika m'mutu mwawo. Adamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 53. Galu sauzidwa uthenga wa maliro. Hachi adadikira madzulo amenewo monga mwa chizolowezi, koma mbuye wake sadabwere. Olemba mbiri yake amasimba kuti mtembo utafika kunyumba, iye adalowa m'chipinda nakagona pansi pa bokosi, ndipo adakana kuchokapo. Kwa masiku angapo sadalawe chakudya.

Imfa ya bambo imabalalitsa banja. Ukwati wa a Ueno ndi a Yaeko udali wosalembedwa m'kaundula wa boma, choncho mayiwo adalibe mphamvu pa nyumbayo ndipo adayenera kusamuka. Kumene adapita kudalibe malo osungira galu wamkulu. Motero Hachi adaperekedwa kwa achibale ndi anthu ena a m'madera akutali ndi Shibuya, koma konseko sadakhazikike. Potsiriza adamtenga ndi a Kikuzaburo Kobayashi, amene kale ankasamala maluwa ndi mitengo pakhomo pa a Ueno, ndipo ankamdziwa galuyo kuyambira ali kamwana. Nyumba yawo idali pa mtunda woti galu nkuyenda yekha kukafika ku siteshoni ya Shibuya.

Zaka za kudikira

Atabwerera ku dera limene ankalidziwa, Hachi adayambanso ulendo wake wakale. Tsiku ndi tsiku, nthawi yoweruka ku ntchito ikayandikira, ankanyamuka yekha ulendo wa ku siteshoni. Ankakhala tsonga pafupi ndi chipata, maso ali pa anthu otuluka, kupenyetsetsa nkhope imodziimodzi. Anthu akatha, iye ankadikira sitima ina. Kaya kugwe mvula, kaya chipale, kaya dzuwa liswe mtengo, galuyo ankapezeka pamalo pake.

Anthu ambiri opita ndi obwera sankadziwa chimene ankafuna. Ankamuyesa galu wopanda mwini amene akungotsekereza njira. Ogwira ntchito pa siteshoni ankamthamangitsa. Ena mwa ogulitsa nyama yootcha ankamthira madzi kuti achoke pafupi ndi malonda awo, ndipo anyamata osaweruzika ankamseka ndi kummenya. M'zaka zimenezo khutu lake lakumanzere lidagwa, ndipo silidaimenso mpaka imfa yake. Koma ngakhale adazunzidwa chotere, m'mawa mwake ankabweranso.

Amene adasintha zinthu adali a Hirokichi Saito. Bambo ameneyu adayambitsa bungwe loteteza mitundu ya agalu a ku Japan m'chaka cha 1928, popeza agalu enieni a mitundu imeneyi adali atatsala ochepa. A Saito ankaidziwa mbiri ya Hachi, ndipo zidawawawa mtima kuona galu wotere akuchitidwa chipongwe. Tsono adalembera kalata nyuzipepala yaikulu yotchedwa Asahi. Pa 4 Okutobala 1932 nyuzipepalayo idasindikiza nkhani ya galu wokalamba amene ankadikirabe mbuye wake, chonsecho mbuyeyo adali atamwalira zaka 7 zapitazo.

Nkhaniyo itamveka, mitima ya anthu idatembenuka. Amene ankamthira madzi adayamba kumponyera nyama. Akuluakulu a siteshoni adamlola kugona m'kati. Anthu ankachokera kutali kudzamuona ndi kumsisita, ndipo ena ankatumiza ndalama zogulira chakudya chake. Galuyo adali yemweyo amene ankamthamangitsa dzulo ndi dzana. Chimene chidasintha nchakuti tsopano anthu adadziwa chifukwa chake ankakhala pa chipatapo.

Posakhalitsa anthu adasonkha ndalama kuti amkonzere chikumbutso. Mmisiri wina wotchuka, a Teru Ando, adaumba chiboliboli cha mkuwa chosonyeza Hachiko atakhala tsonga, khutu limodzi lili chiimire, lina litagwa. Chiboliboli chimenechi chidaikidwa pa bwalo la siteshoni ya Shibuya m'mwezi wa Epulo 1934. Pa mwambo wochionetsa kwa anthu, Hachiko mwini wake adalipo. Si kawirikawiri kuti ngakhale mfumu ione chiboliboli chake ikadali ndi moyo. M'zaka zomwezo nkhani yake idalowa m'buku lophunzitsa makhalidwe abwino kwa ana aang'ono a m'sukulu za ku Japan.

Maliro a Hachiko

Nthawi imeneyi nkuti Hachiko atakalamba ndipo thupi lake litayamba kufooka. M'mamawa wa pa 8 Malichi 1935 adampeza atafa mu msewu wina wa ku Shibuya. Adali ndi zaka 11. Kuchokera pa tsiku limene a Ueno adamwalira, padali patapita zaka 9 ndi miyezi 9.

Mtembo wake adaunyamula nakaugoneka m'chipinda chosungira katundu pa siteshoni. A Yaeko adabwera kudzatsazika galu amene adamlera ndi manja awo. Chithunzi chimene chidajambulidwa tsiku limenelo chilipo mpaka lero. Chimasonyeza mayiwo pamodzi ndi ogwira ntchito pa siteshoni atazungulira mtembowo mwaulemu, monga momwe anthu amachitira pa maliro a mbale wawo. Manyuzipepala adalengeza za imfayo. Ansembe a Chibuda adachita mapemphero, ndipo anthu miyandamiyanda adadza kudzaika maluwa patsinde pa chiboliboli chija.

Akatswiri adakonza chikopa chake mwaluso kuti chioneke ngati galu wamoyo, nachiika m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zachilengedwe mu Tokyo, m'mene anthu amakachiona kufikira lero. Ku manda a Aoyama, pambali pa manda a Ueno, kudamangidwa kachikumbutso kamwala ka Hachiko, kuti galu ndi mbuye wake akhale moyandikana.

Chikumbutso chimene nkhondo idalephera kufafaniza

Patapita zaka zochepa, dziko la Japan lidalowa m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Zitsulo zidasowa, ndipo boma lidalamula kuti mabelu, ziwiya ndi ziboliboli zisonkhanitsidwe kuti zithandize pa nkhondo. M'chaka cha 1944 chiboliboli cha Hachiko chidazulidwa, ndipo pambuyo pake chidasungunulidwa. Mmisiri uja, a Teru Ando, adafa m'chaka cha 1945 pamene ndege zankhondo zidaponya mabomba mu Tokyo.

Nkhondo itatha, mzindawo udali phulusa lokhalokha. Anthu ambiri adalibe nyumba, ndipo chakudya chidali chosowa. Munthu akadaganiza kuti pa nthawi yotere palibe amene angakumbukire galu wakufa. Koma anthu a ku Shibuya adasonkhanso ndalama mu umphawi wawo womwewo. Ntchito youmba chiboliboli chatsopano adaipereka kwa a Takeshi Ando, mwana wa mmisiri woyamba uja. M'mwezi wa Ogasiti 1948 Hachiko wa mkuwa adakhalanso pa bwalo la siteshoni, ndipo chiboliboli chimenechi ndicho chilipo mpaka lero.

Masiku ano Shibuya ndi amodzi mwa malo odzaza anthu kopambana mu Tokyo. Chipata chimodzi cha siteshoni chimatchedwa ndi dzina la Hachiko. Anthu akamapangana malo okumanirana, kawirikawiri amasankha pa chiboliboli chimenechi. Motero pamalo pamene galu adadikira mbuye wake osamuona, lero anthu amadikirirapo abale ndi abwenzi awo, ndipo amakumanadi. Chaka chilichonse pa 8 Epulo pamachitika mwambo womkumbukira. Ku Odate, kwawo kobadwira, kulinso chiboliboli chake. Mbiri yake idaseweredwa m'kanema ku Japan m'chaka cha 1987 ndiponso ku America m'chaka cha 2009. M'chaka cha 2023 anthu adakondwerera kuti patha zaka 100 chibadwire galuyu.

Kodi ankadikira mbuye wake kapena nyama?

Si onse amene adavomereza nkhaniyi mosavuta. Madokotala a ziweto atang'amba mtembo wa Hachiko m'chaka cha 1935, adapeza m'mimba mwake timitengo tingapo tosongoka totungira nyama ya nkhuku yootcha. Chifukwa cha ichi ena adayamba kunena kuti galuyo sankadikira munthu ayi, koma ankatsata fungo la nyama. Enanso ankaganiza kuti timitengoto ndito tidamupha.

Ziwalo zake zam'kati zidasungidwa m'mabotolo pa yunivesite ya Tokyo. M'chaka cha 2011 akatswiri adaziyezanso ndi makina amakono, ndipo adapeza kuti Hachiko adali ndi khansa mu mtima ndi m'mapapo. Adalinso ndi nyongolotsi za mu mtima, zimene zimafalitsidwa ndi udzudzu. Matenda amenewa ndiwo adamfooketsa mpaka kumupha. Timitengo tija sitidaboole chifu chake.

Nanga za kudikirako? Palibe munthu amene angalowe mu mtima wa galu. Nzoona kuti Hachiko ankalandira nyama akapatsidwa, pakuti galu aliyense amatero. Koma nzoonanso kuti kwa zaka zingapo, nyuzipepala isanalembe za iye, chimene ankalandira kawirikawiri pa siteshoni paja chidali kuthamangitsidwa ndi kuthiridwa madzi, pamene kwa a Kobayashi adali ndi pogona ndi chakudya. Galu wotsata mimba yokha sabwerera kumene akummenya. Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe.

Kukumananso

Kwa zaka zambiri ziboliboli zodziwika za Hachiko zinkamsonyeza ali yekha, akudikira. Aphunzitsi ena a pa yunivesite ya Tokyo adaona kuti chikumbutso chotere nchoperewera. Anthu ankadziwa dzina la galu, koma dzina la mbuye wake, amene adaphunzitsa akatswiri ambiri a zaulimi, lidali litayamba kuiwalika. Tsono adapempha anthu akufuna kwabwino kuti asonkhe ndalama. M'mwezi wa Malichi 2015, patatha zaka 80 chifere Hachiko, chiboliboli chatsopano chidaikidwa pa sukulu ya zaulimi ya pa yunivesiteyo. Chimasonyeza a Ueno atawerama, manja ali pa galu wawo, ndipo Hachiko ataima ndi miyendo yakumbuyo, akuwalumphira mwachimwemwe. Chimene galuyo adachiyembekeza kwa zaka pafupifupi 10 chidaonekera pa mkuwa.

Padatsala munthu mmodzi. A Yaeko adamwalira m'chaka cha 1961, ndipo adaikidwa ku manda ena ngakhale kuti ankafuna kukagona pafupi ndi amuna awo. Pa 19 Meyi 2016, mabanja a mbali zonse ziwiri atagwirizana, gawo la phulusa la mtembo wawo lidaikidwa m'manda a Ueno ku Aoyama. Motero bambo, mayi ndi chikumbutso cha galu wawo zili pamalo amodzi, ndipo banja limene imfa idabalalitsa m'chaka cha 1925 lidasonkhananso.

Anthu amatama Hachiko chifukwa cha kukhulupirika kwake, ndipo nkoyenera kutero. Koma kukhulupirikako kudayambira pa chifundo cha anthu awiri amene sadataye kagalu kodwala kofika m'thumba la mpunga. Iwo adakasamala miyezi 6, ndipo galuyo adabweza ndi moyo wake wonse. Kupatsa ndi kuika. Tikumbukirenso kuti ena mwa amene adaika maluwa pa chiboliboli adali omwe aja ankamthamangitsa ali moyo. Ulemu wa pambuyo pa imfa galu saumva. Chimene amamva ndi mbale ya chakudya, madzi abwino, pogona pouma, katemera wa chiwewe pa nthawi yake ndi dzanja losagenda mwala.

Si galu aliyense amene angaumbiridwe chiboliboli cha mkuwa. Koma banja lililonse lingathe kukumbukira galu wake. Akafa, aikidwe m'dzenje lakuya bwino, osati kutayidwa kutchire kapena m'madzi. Mwana amene akulira galu wake asasekedwe, pakuti wataya bwenzi. Ndipo madzulo, banja likakhala pamodzi nkumasimba za kulimba mtima ndi tizolowezi ta galu amene adapita, limachita chimodzimodzi ndi anthu a ku Shibuya amene amasonkhana pa 8 Epulo chaka ndi chaka.

MATANTHAUZO A MAWU

Mkute: nsima yotsala imene yagona.
Chipale: madzi oundana oyera amene amagwa ngati mvula m'mayiko ozizira.
Uzimba: ulendo wokasaka nyama.
Chimbalangondo: chilombo chachikulu chaubweya wambiri chopezeka m'mayiko ozizira.
Kuchingamira: kupita kukalandira munthu amene akubwera kuchokera ku ulendo.
Chinamtindi: gulu lalikulu kwambiri la anthu.
Kaundula: buku la boma lolembamo mayina ndi zinthu zofunika kusungidwa.
Chiboliboli: chifanizo cha munthu kapena nyama chosema kapena choumba.
Mkuwa: mtundu wa chitsulo chofiirira chimene sichichita dzimbiri ngati zitsulo zina.
Kusungunula: kutenthetsa chinthu cholimba mpaka chisanduke ngati madzi.
Wamkota: wamkulu, wodziwa zinthu chifukwa chokhalitsa.

NTCHITO YOYAMBA: KUMVETSA NKHANI

Yankhani mafunso awa m'ziganizo zomveka bwino.

1. Kodi Hachiko adabadwira kuti, ndipo adabadwa m'chaka chanji?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene munthu angazindikirire galu wa mtundu wa Akita.
3. Kodi a Ueno ankagwira ntchito yanji?
4. Chifukwa chiyani anthu ena adayesa kuti kagalu kaja kafa pamene kadafika ku Tokyo?
5. Kodi dzina lakuti Hachi limatanthauza chiyani?
6. Hachi adakhala ndi a Ueno kwa nthawi yaitali bwanji?
7. Chifukwa chiyani a Yaeko sadathe kupitiriza kumsunga galuyo?
8. Fotokozani mavuto atatu amene Hachi adakumana nawo pa siteshoni.
9. Kodi a Saito adachita chiyani kuti anthu asinthe maganizo awo?
10. Nchiyani chidachitikira chiboliboli choyamba, ndipo adaumba chachiwiri ndani?
11. Kodi akatswiri adapeza zotani m'chaka cha 2011?
12. Chiboliboli cha 2015 chikusiyana bwanji ndi cha ku Shibuya?

NTCHITO YACHIWIRI: KUKAMBIRANA

Khalani m'magulu ndipo mukambirane mafunso awa. Gulu lililonse lisankhe mmodzi wokafotokozera kalasi lonse.

1. Kodi inu mukuganiza kuti Hachiko ankadikira mbuye wake kapena ankatsata nyama? Perekani zifukwa zochokera m'nkhaniyi.
2. Anthu adayamba kumkonda Hachiko atadziwa mbiri yake. Kodi zimenezi zikutiphunzitsa chiyani za mmene tiyenera kuchitira ndi anthu kapena ziweto zimene sitikuzidziwa?
3. Kodi agalu amasamalidwa bwanji kwanuko? Ndi zinthu ziti zimene ziyenera kusintha?

NTCHITO YACHITATU: MIYAMBI

Perekani tanthauzo la mwambi uliwonse, ndipo mufotokoze mmene ukugwirizanirana ndi nkhani ya Hachiko.

1. Galu wamkota sakandira pachabe.
2. Kupatsa ndi kuika.
3. Chibale ndi fupa, sichiola.
4. Mutu umodzi susenza denga.

NTCHITO YACHINAYI: MIVEKERO

Mawu monga zii, lefu ndi piringupiringu ndi mivekero. Amathandiza womvera kuona kapena kumva chinthu monga momwe chidachitikira. Lembani ziganizo izi m'makope mwanu ndipo muike mvekero woyenera m'mipata. Sankhani pa iyi: zii, lefu, piringupiringu, mbuu, bii.

1. Mapiri a ku Akita adali ______ ndi chipale.
2. Sitima itaima, anthu adali ______ pa chipata.
3. Galu atafa, pakhomo padangoti ______.
4. Kagaluko kadafika kali ______ chifukwa cha njala ndi kuzizira.
5. Magetsi atazima, mu msewu monse mudali ______.

NTCHITO YACHISANU: NTHAWI ZA ANENI

Sinthani ziganizo izi kuti zisonyeze zimene zinkachitika kawirikawiri kale.

Chitsanzo: Hachi amaperekeza mbuye wake.
Yankho: Hachi ankaperekeza mbuye wake.

1. Alenje amapita ndi agalu ku uzimba.
2. Anyamata osaweruzika amamenya galu.
3. Anthu amatumiza ndalama zogulira chakudya.
4. Mayi amasunga mkute wa galu.
5. Sitima imafika madzulo.

NTCHITO YACHISANU NDI CHIMODZI: CHIMANGIRIZO

Lembani chimangirizo cha ndime zinayi pa mutu umodzi mwa iyi.

1. Chiweto chimene sindidzachiiwala.
2. Tsiku limene galu wathu adatipulumutsa.
3. Kasamalidwe kabwino ka galu pakhomo.